Cheyo cha pa Mathanthwe a Mulanje: Momwe Ntchito Ikuyendera

Ogasiti

Ntchito yayamba. Chilolezo cholowa m'nkhalango ndi kumangirira zizindikiro pa zomera tachilandira ku ofesi ya zankhalango, ndipo tasankha malo atatu: mathanthwe ozungulira chigwa cha Chambe, a ku Lichenya, ndi a cha ku Thuchila. Gulu lathu ndi laling'ono. Tilipo ife amene tinaphunzira za zomera, alipo anyamata otsogolera alendo a pa Likhubula, komanso bambo ena achikulire amene akhala akupanga masache a cheyo kuyambira ali mnyamata. Malo onse odulako cheyo, akale ndi atsopano omwe, ali m'mutu mwa bambowa, choncho njira akutsogolera ndi iwo.

Anthu ambiri amachidziwa cheyo chili kale pamsika, chitasanduka tsache lolimba kapena chokwechera miphika. Amene anachionapo chili chamoyo ndi ochepa. Ndi chitsamba cha nthambi zakuda, zonenepa, zomwe zimagawikana uku zikukwera, ndipo masamba ake aatali, owonda, amaunjikana kunsonga kokha kwa nthambi iliyonse. Chimamera pathanthwe penipeni, pamalo oti mtengo sungaimepo, ndipo chikakula bwino chimapitirira msinkhu wa munthu wamkulu. Akatswiri a zomera amachitcha Xerophyta splendens.

Mbiri ya cheyo m'mabuku a sayansi inayambira pamodzi ndi ya mkungudza. Alexander Whyte wa ku Scotland, yemwe ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda nthawi imeneyo, anakwera phirili mu 1891 n'kutola zomera zambiri zomwe zinatumizidwa ku London. Mu 1894 Alfred Rendle wa ku British Museum anafotokoza zina mwa zomerazo, ndipo pakati pake panali mkungudza, womwe anautcha Widdringtonia whytei, ndi cheyo, chomwe anachitcha Vellozia splendens. Mu 1971 katswiri wa ku Brazil, mayi Nanuza Luiza de Menezes, anachisamutsira m'gulu la Xerophyta. Banja lonse la zomera zimenezi, la Velloziaceae, lachuluka kwambiri m'mapiri amiyala a ku Brazil komweko, ndipo abale ake ena ali kuno ku Africa ndi ku Madagascar.

Zomera ziwirizi zinalembedwa chaka chimodzi, koma zayenda mosiyana. Mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo aliyense akudziwa zomwe zinauchitikira: kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse.  Cheyo chikadalipo chambiri, ndipo ndi chifukwa chake tikuyamba lero. Mafunso athu ndi atatu: chimakula mofulumira bwanji, chikadulidwa chimaphukiranso kapena ayi, ndipo ana ake amamera pati.

Sepitembala

Mwezi uno wapita ndi kumangirira zizindikiro. Tikugwiritsa ntchito timalata tokhala ndi manambala, tomangidwa ndi waya momasuka kuti asadye nthambi. Pamalo aliwonse tasankha zitsamba zazikulu, zapakati ndi zazing'ono, zina zomwe zinadulidwapo ndi zina zomwe chikwanje sichinazikhudze. Malo a chitsamba chilichonse tawalemba ndi GPS ya pafoni, ndipo tasankhanso poima pojambula chithunzi kuti ulendo uliwonse tizijambula kuchokera pamodzimodzi.

Tinatenga tsinde limodzi louma lomwe linagwa lokha n'kuling'amba pakati kuti anyamata aone m'kati mwake. Chomwe chimaoneka ngati nthambi yonenepa si thabwa ayi. Tsinde lenileni ndi kamtima kowonda ka pakati. Zonse zolizungulira ndi zotsalira za masamba akale. Tsamba la cheyo likakalamba limathothoka kumtunda, koma gawo lake la m'munsi lomwe limakuta tsinde limatsalira, ndipo chaka ndi chaka zotsalirazi zimasanjikizana. M'kati mwake mumadutsa mizu. Mizu imeneyi imayambira kumtunda, pafupi ndi masamba amoyo, n'kumatsika mobisala m'zotsalira za masambazo mpaka kukafika pamwala. Ndiye kuti nthambi ya cheyo, mbali yake yaikulu, ndi mtolo wa mizu yokutidwa. Mvula kapena nkhungu ikanyowetsa chokutacho, mizu imamwa madziwo pomwepo, osadikira kuti ayambe afika pansi.

Bambo aja anatenga chidutswa china, n'kuchisasantha ndi mwala mpaka ulusi wake unamasuka, momwe amachitira popanga tsache. Atamva kuti ulusi wolimbawo ndi mizu ndi mitsempha ya masamba akale, anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikusesera mizu?" Inde, ndi mizu, ndipo utali wa tsache limodzi ndi ntchito ya nyengo zambiri za mvula.

Mapangidwe amenewa abweretsa vuto pa kayezedwe. Cheyo chili m'gulu la zomera zotuluka ndi tsamba limodzi pomera, gulu la chimanga, nthochi ndi kanjedza, choncho chilibe mizere ya zaka yomwe timawerenga pa chitsa cha paini. Njira yomwe tasankha ndi yodikira: tamanga kachingwe ka waya pansi penipeni pa masamba amoyo, ndipo tiziyeza kuti nsonga yatalikirana nako bwanji pakatha nyengo iliyonse.

Pakali pano zitsamba zonse zauma gwa. Masamba apindika m'litali mwake, ndi otuwa mofiirira, ena achikasu. Mnyamata wina anafunsa chifukwa chomwe tikuvutikira kuika manambala pa zinthu zakufa. Tamuuza kuti afunsenso mvula ikagwa.

Okutobala

Moto wadutsa ku Chambe. Nyengo ino moto ndi wa chaka ndi chaka m'phiri muno. Wina umayatsidwa ndi osaka mbira ndi akalulu, wina umathawa kwa ocheka matabwa ndi owotcha makala, wina umakwera kuchokera kuminda ya m'munsi. Gawo lina la malo athu lapsa, ndipo ngakhale mtima unawawa poona lupsa, zatipatsa mwayi woona zomwe moto umachita pa zitsamba zomwe tinaziyeza kale.

Zitsamba zikuluzikulu zapirira. Kunja zada bii, masamba ouma anyeka, koma ukakanda pang'ono upeza kuti moto unangonyambita pamwamba. Zotsalira za masamba zija n'zothinana kwambiri moti mpweya sulowa, ndipo kamtima ka pakati sikanafikidwe. Kuda kwa nthambi za cheyo komwe anthu amakuona ngati mtundu wake wachibadwa, nthawi zambiri ndi mwaye wa moto wa zaka zapitazo.

Chomwe chapsa kwenikweni ndi pansi pake, ndipo apa ndi pomwe maganizo anga pa ntchito yonseyi asinthira. Cheyo sichiima pamwala wosalala chokha. Chimaima pa kachigamba ka udzu ndi dothi lakuda komwe ife tikukatcha mphasa, chifukwa kamayalidwa pathanthwe ndipo ukakagwira m'mphepete kamanyamuka konse. Miyala ya phirili ndi ya mtundu wa syenite ndi granite, yomwe inaumira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo imafumbutuka pang'onopang'ono kwambiri. Dothi la pamathanthwe silichokera kwenikweni kumwalawo. Poyamba pamabwera ndere zomwe zimamatirira pamwala. Kenaka mu mng'alu kapena pokumbika pang'ono mumagwira fumbi ndi tizinyalala. Ukafika udzu wolimba wotchedwa Coleochloa setifera, womwe wakuta mathanthwe ambiri a Mulanje, mizu yake imalukana n'kuyamba kugwira chilichonse chotsetsereka: fumbi, masamba ofota, phulusa, ndowe za mbira. Mphasa imakula chotero, kuchokera pakati kupita m'mbali. Pamalo ambiri kukhuthala kwake sikufika n'komwe kutalika kwa chikhatho.

Tayenda chokwawa m'malo onse atatu kufunafuna ana a cheyo. Pafupifupi onse omwe tawapeza ali m'mphasa, makamaka cha m'mphepete mwake ndi kumtunda kwake komwe madzi otsika pathanthwe amayamba kuima, ndipo ochepa ali m'ming'alu yakuya. Pamwala woyera palibe. Ku Chambe, pomwe moto wadutsa, mphasa youma yanyeka mpaka pamwala m'malo ena, ndipo tiana tomwe tinali ndi manambala tapita nayo. Tilibe chokuta chokhuthala choti chititeteze. Munthu wodutsa pamenepa chaka chamawa adzaona zitsamba zazikulu zili chiimire n'kunena kuti moto sunaononge kanthu, pomwe m'badwo wonse wotsatira wapsa. Zimenezi zikundidetsa nkhawa kuposa zikwanje.

Novembala

Mvula yoyamba yagwa, yamabingu, ndipo tinakwera msanga kuti tikaone kudzuka kwa cheyo. Masamba omwe aja, opindika ndi otuwa, ayamba kutambasuka. Tsiku loyamba amangofewa n'kutseguka, akadali achikasu. Kubiriwira kumabwera pambuyo, kuyambira m'munsi mwa tsamba kukwera kunsonga, ndipo pakapita masiku ochepa thanthwe lonse lasintha mtundu. Sikuti aphuka masamba atsopano. Ndi akale omwe aja, omwe tinawajambula mu Sepitembala ali ngati akufa. Mnyamata wofunsa uja anakhala pansi n'kumafananiza zithunzi ziwiri za chitsamba chimodzi pafoni, kenaka anaitana mnzake: "Achimwene, tabwerani mudzaone, ndi chomwe chija!"

Zomera zambiri zikataya madzi ochuluka zimafa, chifukwa timaselo ta m'masamba timaphwanyika. Gulu la Xerophyta limatha kuuma mpaka kutsala ndi madzi ochepa zedi, n'kukhala choncho miyezi, osafa. Limachita zimenezi mwadongosolo. Madzi akayamba kuchepa, chomeracho chimaphwasula dala chlorophyll, chinthu chobiriwira chomwe masamba amakolera kuwala kwa dzuwa popanga chakudya. Chifukwa chake n'chakuti tsamba louma lomwe likukolabe kuwala limadzipsereza lokha: mphamvu ya dzuwa imalowa koma ilibe ntchito yoti igwire, ndiye imaononga za m'kati. Pathanthwe la pamwamba pa phiri, pomwe palibe mthunzi ndipo mwala umatentha masana, ngozi imeneyi ndi yaikulu. Pamodzi ndi kuphwasulako, maselo amadzaza shuga ndi mapuloteni oteteza omwe amagwira zonse m'malo mwake madzi akachoka. Mvula ikabwera chomeracho chimamanganso chlorophyll kuyambira pachiyambi, ndipo n'chifukwa chake kubiriwira kumachedwerapo kuyerekeza ndi kutambasuka kwa tsamba.

Ku University of Cape Town, Pulofesa Jill Farrant akhala zaka zambiri akufufuza abale a cheyo a ku South Africa, pofuna kudziwa ngati luso lopirira chilalali lingathandize mbewu zakumunda monga chimanga. Nzeru yomwe asayansi akuifunafuna m'malabotale ili mbuu pamathanthwe athu, ndipo ana asukulu a m'munsi mwa phiri lomweli amaphunzira za zomera za m'chipululu cha kutali osauzidwa za cheyo. Ndikufuna kuti zithunzi ziwiriziwiri zomwe tajambulazi zikafike m'makalasi a ku Mulanje ndi ku Phalombe.

Luso limeneli lili ndi mtengo wake. Miyezi yonse yomwe cheyo chili chouma sichipanga chakudya, sichikula. Chikadzuka chimayamba chawononga mphamvu pomanganso zomwe chinaphwasula. Nthawi yokulira pachaka ndi yaifupi, ndipo dothi lomwe chikudyamo ndi losauka. Kupirira kwake ndi kuchedwa kwake zimachokera pamodzi.

Kenaka maluwa. Patangopita nthawi yochepa chibiriwirireni, zitsamba zambiri zachita maluwa nthawi imodzi, ku Lichenya kuposa kwina konse. Duwa lake ndi lalikulu, loyera, la timasamba 6, pakati pali timitu tachikasu ta mungu, ndipo lili ndi fungo lokoma lomwe limamveka bwino m'mawa ndi madzulo mphepo ikadekha. Duwa lililonse limatuluka palokha pa kaphesi kake pakati pa masamba a kunsonga. Pansi pa duwa pali kotupa komwe kadzasanduke chipatso. Kuona maluwa oyera chotere pa nthambi zakuda ndi mwaye, kumbuyo kuli thanthwe lonyowa, munthu umamvetsa chifukwa chomwe Rendle anachitamira ndi dzina loti splendens, kutanthauza chokongola kwambiri, ngakhale iye anangoona zouma zopanikizidwa pa pepala. Maluwawa sakhalitsa. Amene akufuna kuwaona akwere mvula yoyamba itangogwa; akachedwa apeza afota. Njuchi taziona zambiri, zikutuluka zitadzola mungu.

Chodabwitsa n'chakuti zitsamba zina zomwe zinawauka ndi moto ku Chambe zachitanso maluwa, ngakhale masamba ake atsopano akadali aafupi.

Disembala

Njira zaterera, ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda, choncho takwera mosamala ndipo mathanthwe otsetsereka kwambiri tawasiya kaye. Zipatso zakhwima pa zitsamba zoyamba. Ndi timakoko touma tokhala ndi njere zing'onozing'ono zambiri, zomwe zimatayika kakoko kakang'ambika. Tatola zochepa pa chitsamba chilichonse, m'maenvelopu a pepala, zambiri n'kuzisiya.

Poyang'anitsitsa nthambi tapeza alendo okhala pa cheyo. Pali ndere zamitundumitundu, ndipo pali kaduwa ka m'banja la orchid, Polystachya johnstonii, komwe kamadziwika kuti kamamera pa nthambi za Xerophyta. Mizu yake imalowa m'zotsalira za masamba zija n'kumamwa nawo chinyezi, osayamwa kanthu m'thupi la cheyo. Nthambi ikadulidwa kupita kumsika, kaduwaka kamapita nayo. Tawonjezera danga pa fomu yathu lolembapo zomera zokhala pa chitsamba chilichonse.

Januwale ndi Febuluwale

Miyezi iwiriyi ntchito yambiri yachitikira m'munsi. Tafesa njere pa nazale yaing'ono m'njira ziwiri: zina pa mchenga wosakaniza ndi timiyala ndi zinyalala za udzu wa pathanthwe, zina m'dothi lakuda lachonde lomwe timadzaza m'machubu a mbande za mitengo. Njere taziwaza pamwamba osakwirira. Kumera zamera mbali zonse ziwiri, koma za m'dothi lachonde zambiri zavunda m'khosi chinyezi chitachuluka, pomwe za pamchenga zilipo, zazing'ono zedi, zosasiyana kwenikweni ndi udzu wongomera kumene. Amene anazolowera nazale ya paini kapena bulugamu, komwe mbande imakhala yokonzeka kuwokedwa nyengo yomweyo, aleze mtima. Pa liwiro lomwe tikulionali, kudzala cheyo kuti chilowe m'malo mwa chodulidwa si njira yoti tiidalire posachedwa.

Tinapitanso ku Zomba, ku National Herbarium and Botanic Gardens, kukafananiza zomwe tatola ndi zosungidwa kumeneko. Izi zinali zofunika chifukwa m'Malawi muli mitundu ingapo ya Xerophyta, ndipo zomera zina za pamathanthwe a m'munsi, zazifupi ndi za maluwa ofiirira motuwa, si mtundu womwe tikuutsatira. Opanga masache amazisiyanitsa kale: amati za m'munsi ulusi wake ndi waufupi, sizipanga tsache labwino. N'chifukwa chake amakwera mpaka kumtunda.

Nthawi yotsala tacheza ndi opanga masache m'midzi ya m'mphepete mwa phiri. Sitinapite ngati apolisi, ndipo bambo aja ndi omwe ankayamba kulankhula pakhomo lililonse. Zomwe tamva zikugwirizana m'midzi yosiyana. Akuluakulu akuti kale ankadula pafupi, tsopano ulendo watalika. Akuti odziwa ntchito amasankha nthambi yowongoka n'kusiya zinzake, koma ongoyamba kumene, ofuna mtolo wachangu, amagwetsa chitsamba chonse, ena amachita kuchizula chifukwa mphasa imanyamuka mosavuta. Mayi ena anatiuza mosabisa kuti ndalama ya masache ndi yomwe imagula ndiwo ndi makope a ana miyezi ya njala, ndipo anafunsa ngati tabwera kudzawaletsa. Tinawayankha kuti ayi mayi, tabwera kudzafunsa kuti cheyo chingadulidwe motani kuti adzukulu anu adzachipezenso.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa. Lamulo la zankhalango la 1997 lilipo, ndipo phirili lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, koma chiletso cha papepala sichinapulumutse mkungudza. Munthu amene amakwera phiri usiku mobisala amadula mothamanga ndipo sasankha. Amene amadziwika, wokhala ndi malo ake omwe adzabwererenso, ali ndi chifukwa chosiyira nthambi.

Malichi

Mwezi uno anthu a kuno amakumbukira namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Zipsera za napolo zikuonekabe m'mbali mwa phiri, mizere yoyera yotsika kuchokera kumtunda komwe dothi, miyala ndi mitengo zinakokoloka. Anyamata ena a m'gulu lathu anataya abale ndi minda, ndipo sitinawakakamize kupita nafe kumalo amenewa; omwe anapita anasankha okha.

Tinapita chifukwa zipserazi zili ndi tsiku lodziwika. Thanthwe lomwe linasendeka pa nthawi ya Freddy linayambira pa mwala woyera, ndipo chilichonse chomwe chamera pamenepo chabwera kuchokera nthawi imeneyo. Pa zomwe tayendera, m'munsi momwe munaunjikana dothi mwadzaza kale udzu ndi zitsamba zomera msanga. Pathanthwe penipeni pali chabe timadontho ta ndere ndi udzu wochepa m'ming'alu. Mphasa palibe, mwana wa cheyo palibe. M'mphepete mwa chipsera, pomwe mphasa yakale inang'ambika, mbali yotsalayo ikuuma n'kumanyotsoka, chifukwa madzi tsopano akulowa pansi pake.

Kuphiri la Michesi kuli zipsera za napolo wa mu Malichi 1991, uja anasakaza ku Phalombe. Kusiyana kwa zaka 32 pakati pa zipsera ziwirizi kungatipatse muyeso wa momwe mphasa imabwererera pamwala, chinthu chomwe waya wathu wa panthambi sangatiuze. Tayamba kukambirana ndi mafumu a kumeneko ndi a zankhalango kuti tikaike malo achinayi.

Meyi ndi Juni

Mvula yatha koma cheyo sichinaume nthawi imodzi m'malo onse, ndipo kusiyanaku kukutsata momwe phiri lakhalira. Mulanje amatchinga mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa, kunyanja ya mchere ya Indian Ocean kudzera ku Mozambique. Mbali ya Lichenya ndi Ruo, yoyang'ana komwe kuli minda ya tiyi, imalandira mvula yopitirira mamilimita 2,000 pachaka, ndipo nyengo yozizira chiperoni chimaikuta ndi nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku. Mbali yoyang'ana ku Phalombe ndi youmirapo. Zigwa za pamwamba zili pa mamita pafupifupi 2,000, ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002.

Ku Thuchila masamba anayamba kupindika msanga. Ku Lichenya akadali obiriwira, ndipo tinaona chifukwa chake ndi maso. Tsiku la chiperoni, mvula yeniyeni isakugwa, masamba owonda aja amakola timadontho ta nkhungu, madziwo n'kumatsetserekera m'munsi mwa tsamba mpaka kulowa m'chokuta cha nthambi. Ukafinya nthambi, m'manja mumanyowa, pomwe mwala wa pafupi wangochita chinyontho pamwamba. Zitsamba zina zomwe zinayamba kutuwa zinabiriwiranso chiperoni chitakhalitsa. Zikuoneka kuti ku Lichenya cheyo chili ndi miyezi yambiri yokulira kuposa kumpoto, ndipo ngati miyeso idzavomereze zimenezi, kadulidwe koyenera sikadzakhala kofanana m'phiri lonse.

Usiku wopanda mitambo chisanu chimagwa m'zigwa za pamwamba, udzu wa m'madambo n'kuyera. Pamathanthwe otsetsereka pomwe pali cheyo sitinachipeze kwenikweni; mpweya wozizira umatsikira kumadambo, ndipo mwala umasunga kutentha kwa masana.

Mdani wina yemwe talemba ndi paini wa mtundu wa Pinus patula, yemwe anabzalidwa m'phiri muno kalekale n'kuyamba kudzifesa yekha. Ku Chambe tapeza timitengo take titamera m'mphasa zokhuthala. Paini akakula amaphimba cheyo ndi mthunzi, masamba ake ogwa amakolezera moto, ndipo mphepo ikamugwetsa amanyamula mphasa yonse. Tomwe tili m'malo athu tatizula tikadali tating'ono.

Julayi

Tayezanso nthambi zonse zokhala ndi waya. Pa zambiri, kusuntha kwa nsonga n'kochepa kwambiri moti tepi yoyezera wamba ikuvutika kukuonetsa, ndipo tagula choyezera cha mamilimita kuti chaka chamawa tidzayeze molondola. Nyengo imodzi siyokwanira kutchula nambala, ndipo sindifuna kuti chiwerengero chosakhwima chiyambe kuyenda m'malipoti. Manambala onse ali m'kaundula ndipo tidzawatulutsa tikakhala ndi nyengo zingapo zofananiza.

Pa zodulidwa, chithunzi chayamba kuoneka. Zitsamba zomwe zinachotsedwa nthambi imodzi kapena ziwiri, zina n'kusiyidwa, zili moyo ndipo zinachita maluwa. Zitsa zomwe zinadulidwa pansi sizinaonetse mphukira nyengo yonseyi. Pomwe chitsamba chinazulidwa pali bala pamphasa, ndipo mvula yalikulitsa. Izi zikugwirizana ndi zomwe akuluakulu anatiuza mu Febuluwale.

Tinaitana opanga masache, otsogolera alendo ndi nthumwi za mafumu kuti tiwaonetse zithunzi. Nkhani ya UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inatuluka yokha, poti mu Julayi 2025 phirili linalembedwa m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Ena amaopa kuti zimenezi zidzatseka phiri kwa anthu wamba. Gogo ena anati ngati phiri lalemekezedwa chifukwa cha anthu ake, ndiye anthu akewo akhale oyamba kufunsidwa za kasamalidwe kake, ndipo ambiri anavomera. Opanga masache anapereka okha mfundo zoti ayesere: kusazula, kusadula chitsamba chosafika m'chiuno, kusiya nthambi zambiri kuposa zomwe wadula, ndi kupumitsa thanthwe lomwe ladulidwa kumene. Mfundo yopumitsayi inavuta, chifukwa palibe amene akufuna kusiya malo kuti wina adzadulemo mawa. Agwirizana kuti akakambirane kumidzi ndi mafumu awo.

Ine ndinapempha chinthu chimodzi chowonjezera, kuti pa nkhani ya moto tiziteteza mphasa, osangoyang'ana zitsamba zazikulu. Moto wa kumayambiriro kwa chilimwe, udzu usanaumitsitse, umadutsa mopepuka ndipo sulowa pansi. Wa mu Okutobala ndi womwe umadya mpaka pamwala. Anyamata a pa Likhubula avomera kulambula njira zotchinga moto kuzungulira malo athu a ku Chambe mwezi wamawa usanathe, ndipo theka la malowo tidzalisiya losatchinga kuti tidzafananize. Timalata tomwe tinapsa tikusinthanitsa ndi tatsopano sabata ino, mbande za pamchenga tazisamutsira pamalo a dzuwa kuti tione ngati nazonso ziuma n'kudzukanso, ndipo kalata yopempha malo a ku Michesi yapita ku ofesi ya zankhalango ya ku Phalombe.